Tsiku Limene Anandilira ku Maganga

Nditasamukira ku Salima, amayi anga sanandifunse za nyumba, za madzi kapena za udzudzu. Funso lawo linali limodzi, ndipo ankalibwereza nthawi iliyonse ndikawaimbira foni: "Iwe, ukafa kumeneko akakulira ndani?"

Ndinkaseka, koma ndikadula foni kusekako kunkathera pomwepo. Kwathu ku Kawale ndikangoyetsemula, anthu a mzere wonse ankabwera ndi mandimu. Kuno ntchito ya mu ofesi inkanditulutsa m'mawa n'kundibweza madzulo, ndipo amene ankadziwa kumene ndimakhala anali alandilodi okha. Loweruka ndinkachapa zovala zochapachapa kuti tsiku lithe. Ndinali wosungulumwa kwambiri.

Ndiye mnzanga wina wa kuntchito anandilowetsa m'gulu la pafoni la anthu obwera ngati ine, amene Loweruka lililonse ankakumana kuti akayende. Kungoyenda basi. Anati ndi gulu la ongoyamba kumene, kulibe kuthamanga, ndipo lamulo lake ndi lakuti munthu sasiyidwa yekha m'mbuyo. Ndinagula nsapato n'kupita.

Kuyenda kopanda kopita anthu a ku Salima sankakumvetsa. Akabaza ankatitsatira pang'onopang'ono, akuti, "Amayi, kwerani, musadzizunze." Tikayankha kuti tikulimbitsa thupi, ankatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mayi wina wosenza mtolo wa nkhuni, mwana kumbuyo, anatifunsa kumene tikulowera. Titamuuza kuti sitikupita kulikonse, anangoti, "Pepani."

Atcheya a gululi anali bambo wogulitsa mankhwala pa boma, wezulo m'khosi nthawi zonse. Mawu awo anali akuti, "Ine ndinakulira kumudzi, tchire ndimalidziwa," ngakhale tonse tinkadziwa kuti kumudziko anachokako asanayambe n'komwe sukulu. Panalinso mayi mmodzi, aphunzitsi ochokera ku Mulanje, a kwaya, amene sankatha kuponya phazi osang'ung'udza nyimbo, ndipo ankakonda zija zochedwa, zonena za ulendo wa kumwamba. Iwowa ndi amene anapatsidwa ntchito yoyenda ndi womalizira. Womalizirayo nthawi zonse ndinali ine, chifukwa thupi langali linazolowera mpando.

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala atcheya analamula kuti tikayende ku Maganga mpaka tikaone nyanja. Minibasi inatitsitsa panjira, ife n'kulowa msewu wafumbi wodutsa m'minda ya mpunga youma. Amene sanakhaleko ku Salima m'mwezi umenewu asandiuze za kutentha. Nsapato zanga zinayamba kundiluma, matuza n'kutuluka, mutu n'kumazungulira. Titafika pamphambano pena, pamene panali mtengo wa mango pafupi ndi nyumba za anthu, ndinakhala pansi n'kunena kuti, "Ine ndathera pano."

Anagwirizana kuti ena apitirire, ine ndi aphunzitsi tiwatsatire ndikapumula. Ndinavula nsapato, n'kugona chagada, n'kudzifunda chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi pothawa ntchentche. Aphunzitsi anakhala kumutu kwanga, dzanja patsaya, maso otsinzina, thukuta likuyenderera m'masaya, n'kuyamba nyimbo yawo ija.

Zimene atcheya anachita pochoka sitinazione. Kumudzi, wotsogola akafika pamphambano amaponya tsamba panjira yolakwika kuti akumbuyo asalowereko. Nzeruyo ndi yoona, koma ndi ya tinjira ta m'tchire, ndipo tsamba limodzi limakwana. Atcheya athu anathyola nthambi zikuluzikulu zaziwisi n'kuziyala chopingasa pamsewu weniweni wa njinga ndi ngolo, kwinaku ndi kwinaku, mtengo wathu uli pakati. Mwana aliyense m'Malawi muno amadziwa kuti masamba aawisi pamsewu ndiye kuti pali maliro. Iwo anaimba wezulo n'kumapita, akudzitama mumtima.

Ine tulo tinandiba. Chimene chinandidzutsa chinali kulira. "Mayo ine! Mayo!" Poyamba ndinaganiza kuti pagwa zovuta panyumba ina yapafupi, ndipo ndinachita manyazi kuti ndagona chonchi pamaliro a eni. Kenako ndinamva manong'onong'o pafupi ndi khutu langa.

"Ndi mlendo, wangogwa panjira."

"Kwawo n'kuti?"

"Sizikudziwika."

Aphunzitsi anali atasiya kuimba ndipo ankayesetsa kufotokoza. "Ayi amayi, sanamwalire, angotopa."

"Inde mwanawe," anayankha mawu ena okhuthala, "tonse timatero poyamba. Limbani mtima."

Ndinasuzumira pa kabowo ka chitenje. Ndinaona mapazi ambirimbiri. Njinga zinali zitatsamizidwa kumitengo, azibambo atakhala paokha chapatali, zipewa zili m'manja. Wina anali atabweretsa kale mphasa. Mwini mawu okhuthala aja anali mayi wamtali wochokera kudimba, matope m'miyendo, khasu lili pambali pake, ndipo ndi amene ankatsogolera kulira.

"Mwana wa eni, kufera panjira ngati alibe abale! Mayi ake akaimva bwanji nkhaniyi? Anam'bereka, anam'lera, lero wagona pafumbi kwa eni! Mayo ine!"

Ndinayenera kudzuka nthawi yomweyo, koma thupi linakana. Chifikireni ku Salima palibe amene anali atandifunsako ngakhale kuti mutu wasiya kupweteka, ndiye apa munthu wosadziwa n'dzina langa lomwe akundilira chotere, akukumbukiranso amayi anga. Misozi inayamba kutsikira m'makutu mwanga. Ndinkalira nawo maliro anga omwe, ndipo kunena zoona ankayenda bwino.

Amene anasokoneza mwambo ndi nyerere. Inandiluma kuseri kwa bondo, ine n'kudzambatuka ndi chitenje kumutu ndikukuwa.

Sindinaonepo anthu akubalalika ngati tsiku limenelo. Bambo wina anakwera njinga ya mnzake, mwini wake n'kumamuthamangira. Wa mphasa uja anathawa, kenako anabwerera kudzatenga mphasa yake, n'kuthawanso. Mayi wamtali yekha ndi amene sanasunthe. Anatola khasu n'kulikweza m'mwamba.

"Ndinu munthu kapena chiyani?"

"Ndine munthu, amayi. Ndimangopumula."

"Kupumula kochita kuyalira masamba pamsewu?"

Apa m'pamene ine ndi aphunzitsi tinaona nthambi zija. Tisanayankhe, tinamva wezulo. Atcheya anali atabwerera kudzationa, akubwera monyadira, akuti, "Mwaona? Simunasochere!"

Mayi uja anatsitsa khasu, n'kutembenukira kwa atcheya. "Bambo inu, ndevu zonsezo, ndinu mwayala masambawa? Kwanuko amatero? Ine ndasiya dimba losathirira, anzanga asiya ndiwo pamoto, wina wathamanga kale kukauza atchalitchi. Mwatiyesa ana anu?" Atcheya anayamba kunena kuti anakulira kumudzi, koma anasiyira pomwepo n'kuyamba ntchito. Anachotsa okha nthambi zonse, kenako anayenda chowerama kupepesa munthu mmodzimmodzi pamene anthu ankabwerera. Amene anayamba kuseka sindikumudziwa, koma posakhalitsa azibambo ankachita kugwira m'mimba, wokwera njinga ya mnzake uja akulumbira kuti iye sanathawe, amakaitana anthu.

Mayi uja sanaseke msanga. Anandilozera chala. "Inu mwandiliritsa misozi yaulere." Atatero anakanditungira madzi, anaona matuza anga n'kupukusa mutu, n'kuvula masilipasi ake kundipatsa. Nyanja sindinaione tsiku limenelo. Ndinabwerera pa kabaza, nsapato zatsopano zili m'manja.

Usanathe mlungu ndinawafotokozera amayi pafoni. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati amenewo ndi malodza, ndipemphere. Funso lawo lija sanalifunse.

Loweruka lotsatira ndinakabweza masilipasi, ndipo kuyambira pamenepo gulu lathu linkadutsa kawirikawiri pamphambano paja. Dzina langa kumeneko palibe amene analifuna. Ndikangotulukira, wina ankakuwa kuchokera pakhonde kuti, "Amalemu, mwadzuka bwanji?" Ine n'kuyankha kuti ndadzuka ndithu. Mayi uja ankandisungira mango, nthawi zina chinangwa, ndipo amuna awo, bambo wofatsa wokonza maukonde, ankandifunsa nthawi zonse ngati kumwambako kukutenthanso ngati ku Salima.

Mvula itayamba, mpunga utabiriwira, tinafika pamphambano paja m'mawa wina n'kupeza nthambi zaziwisi pamsewu. Tonse tinatembenuka kuyang'ana atcheya. Iwo anakweza manja m'mwamba. "Si ine."

Palibe amene anaseka, chifukwa kulira kunkamveka kuchokera kunyumba imene ndinkaidziwa. Bambo wokonza maukonde uja anali atatisiya. Atcheya anavula wezulo n'kuiika m'thumba, n'kupita kukakhala ndi azibambo. Ine ndinamanga chitenje pamwamba pa thalauza, n'kulowera kumene kunali azimayi. Pakhomo ndinaima, osadziwa kuti mlendo ngati ine, wopanda chibale, wosakhala wa mpingo wawo, akhale pati.

Mayi uja anadzutsa mutu, maso atatupa. Atandiona anasendera pamphasa, n'kumenya pansi ndi dzanja.

"Amalemu anga, mwabwera? Khalani pano pafupi ndi ine. Mundibwezere misozi yanga ija."

Ndinakhala pambali pake, ndipo ndinabweza yonse.