Lole ya Mkamwini

A Mabuleki, mkulu wokonza malole akale a asilikali, ali ndi lamulo limodzi: sakhudza injini asanakonze mabuleki. "Lole yosalira siipha munthu," amatero ali chagada kunsi kwa chigalimoto, mafuta ali chuchuchu kumaso.

Tsiku lina mkamwini wawo anabweretsa lole yake yotutira mchenga.

"Bambo, ingondilizirani injiniyi, ntchito ikundidikira. Mabulekiwo tiona mawa."

"Kumanda kwadzaza a mawamawa, mwananga."

Koma mwana wawo wamkazi atawachonderera, mkuluyo anagonja, kamodzi kokhako. Loleyo inabwerako chokokedwa, mwini wake ali kumotchale.

Mpaka lero ili pakona pa galaja, udzu utamera m'matayala. Mwana wawoyo akabweretsa chakudya amadzera khomo lakuseri kuti asaione, ndipo awiriwo amadya osayang'anana.