Nsichi Zinapita Kutsidya

Atate anali ndi chitsulo chokumbira maenje. Chinali chidutswa cha sipuling'i ya galimoto, chosulidwa kumutu kuti chiphwatalale, ndipo mpini wake unkachita kuterera chifukwa cha thukuta la m'manja mwawo. Chinkakhala kuseri kwa chitseko, ndipo palibe ankachigwira kupatula iwo ndi ine. Atate akamakumba, ine ndinkagwada pambali n'kumakapa dothi m'dzenjemo ndi mbale yakale yachitsulo. Mwa ana atatu amene amayi anabereka ndinatsala ndekha, choncho ngakhale ndinali mtsikana, ntchito zimene atate akanagwira ndi mwana wamwamuna ankagwira ndi ine. Ndinkazinyadira kwambiri.

Nyengo imene ndikukumbukayi ndinali mu Sitandade 4. Tinkakhala kwawo kwa amayi, mudzi wina kupitirira pa Nsaru, kumene atate anabwera ngati mkamwini. Chaka cham'mbuyo mwake anali atakwatira mkazi wachiwiri kumudzi wa kutsidya kwa dambo, ndipo ankakhala sabata imodzi kwathu, ina kumeneko. Mkaziyo anali ndi mwana wamkazi wa ku banja lake loyamba, wamsinkhu wanga, ndipo tinali m'kalasi limodzi. Amayi anandiuza kuti mkaziyo ndiziti amayi aang'ono, mwanayo ndiziti m'bale wanga. Sindinatero. Kwa ine anali mtsikana wa kutsidya basi.

Mpanda wathu unali waudzu, wozungulira nyumba, khitchini ndi nkhokwe. Mvula ya chaka chimenecho inausiya utapendekera. Nsichi zake, mitengo yoimika ija, zinali zitadyedwa ndi chiswe m'munsi. Ukagwedeza imodzi inkakhuthula dothi lofiira, ndipo ukaigogoda inkalira ngati bango. Amayi ankangochirikiza apa ndi apo ndi mitengo ya mphanda. Anthu anali atamaliza kukolola, masiku otayirira mbuzi anali pafupi, ndipo aliyense m'mudzimo anali kalikiliki ndi mpanda wake.

Kumalire kwa munda wathu kunali mitengo ya bulugamu imene tinabzala ndi atate ndisanayambe sukulu. Ndinkaithirira ndi kachigubu, ndinkaitchingira ndi minga, ndipo ndinkadziwa umene unachedwa kukula ndi umene unapindika. Loweruka lina, kukuzizira kwambiri, atate anatenga nkhwangwa n'kundiuza kuti ndiwatsatire. Anagwetsa mitengo yowongoka yokhayokha, n'kuidula milingo yofanana. Ine ndinkasenda makungwa. Fungo la bulugamu wamuwisi linkaluma m'mphuno, manja ankamata, ndipo mkati mwa mtengo munali moyera ndi monyowa ngati chinangwa chosenda kumene. Zinakwana nsichi makumi awiri ndi zinayi. Ndinaziwerenga kawiri, ndipo m'mutu mwanga ndinali nditaziimika kale kuzungulira nyumba yathu.

Ngolo itabwera madzulo ake, ndinathamangira patsogolo kukatsegula chipata. Ndili chiimire pamenepo, ndinaona ng'ombe zikukhotera njira ya kudambo. Ndinaganiza kuti woyendetsa wasokera, ndipo ndinayamba kukuwa ndi kukupiza manja. Atate, amene ankabwera pambuyo akukankha njinga, anaima pang'ono n'kunena kuti, "Kutsidya mpanda wagweratu. Wathuwu ukadaimabe." Pa keliyala ya njingayo anali atamangapo chitsulo chija.

Amayi anali pakhonde akuswa mtedza. Sanadzutse mutu. Anangondiuza kuti nditseke chipata, nkhuku zingatuluke. Panthawiyo ndinaona ngati alibe nazo ntchito, ndipo ndinawakwiyira nawonso. Lero ndikudziwa kuti mitengoyo inamera pa nthaka ya makolo awo, ndipo kuiona ikupita kukatchinga nyumba ya mkazi wina kunawapweteka kuposa mmene kunandipwetekera ine. Kungoti iwo kupweteka kwawo kunkathera m'zala, pa makoko a mtedza.

Kusukulu aphunzitsi anali atatikhazika pamodzi ndi mtsikana wa kutsidya uja, poti ankati ndife apachibale. Lachiwiri lake anabwera ndi zikhadabo zakuda. Ndisanafunse n'komwe, anandiuza kuti ndi oilo wa kuchigayo, kuti atate anamulola kupaka m'munsi mwa nsichi kuti chiswe chisadye. Anati "atate". Mawuwo anatuluka m'kamwa mwake mosavuta ngati anabadwa nawo. Ndinamutsina pantchafu mpaka anagwetsa misozi, koma sanandinenere. Tsiku lotsatira ndinamubisira pensulo m'udzu kuseri kwa kalasi, n'kumamuonerera akukwapulidwa chifukwa chosalemba. Ndikaganiza tsopano, sindikhulupirira kuti ankandinyaditsa. Anali mwana amene anali asanakhalepo ndi bambo womupatsa ntchito yoti agwire, ndipo ankafuna wina woti amuuze. Anasankha munthu wolakwika.

Masana ena ndinanamiza amayi kuti ndikukatola nkhuni, n'kuwoloka dambo. Ndinabisala kuseri kwa chulu pafupi ndi nyumba ya kutsidyayo. Nsichi zanga zinali zitaima pamzere, zoyera kumwamba, zakuda m'munsi, zowongoka ngati ana a sukulu pa asembule. Atate ankakumba dzenje lakumapeto, ndipo mtsikana uja anali atagwada pambali pawo akukapa dothi ndi mbale. Ankakapa molakwika, dothi lina linkabwereranso m'dzenje, koma atate m'malo momukalipira ankangoseka. Mkazi wawo anatuluka m'khitchini, n'kundiona mutu ukusuzumira. Anandiitana kuti mwananga, nati ndibwere ndidzadye mbatata. Ndinathawa osacheuka, ndipo chitsotso cha chimanga chinandicheka kuphazi. Kunyumba ndinafika wopanda nkhuni, ndikutsimphina.

Mawu a atate aja ndi amene anandipatsa nzeru. Ngati anapita kutsidya chifukwa mpanda wa kumeneko unagweratu, ndiye kuti wathunso unkafunika kugweratu.

Ndinadikira tsiku limene amayi anayanika ufa pa mphasa ziwiri pabwalo n'kupita kumjigo. Anandisiya kuti ndiziingitsa nkhuku. Atangozimiririka, ndinapita kuseri kwa nkhokwe kumene mpanda unapendekera kwambiri. Ndinachotsa mitengo yochirikiza ija, n'kuponda nsichi yoyamba ndi chidendene. Inathyoka mosachita phokoso, ngati nzimbe yowola. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inagwa yokha, n'kukokera pansi udzu wonse wa mbali imeneyo. Chiswe chinabalalika pa mapazi anga.

Mbuzi sindinaziganizire. Zinali zitatayiriridwa kale, ndipo sizinachedwe kuona mpata. Zinalowa zisanu kapena zisanu ndi imodzi, n'kulunjika pa ufa. Ndikanatha kuzithamangitsa, ndodo inali pomwepo. Koma ndinaganiza kuti zinthu zikaipa kwambiri, atate abwera msanga. Ndinaima pakhonde n'kumaziyang'ana zikunyambita, zikupondaponda, milomo ili mbuu. Pamene ndinkazitulutsa n'kuti pa mphasa patatsala ufa wosakanikirana ndi dothi ndi zitosi.

Amayi atafika anatula ndowa pansi. Anayang'ana mphasa, n'kupita kukaona pogumukapo. Anatola chidutswa cha nsichi, nachitembenuza, kenako anayang'ana mitengo yochirikiza ija imene ndinali nditaisanja bwinobwino pambali, ngati mwana wophunzitsidwa ntchito. Pomaliza anayang'ana mapazi anga ofiira ndi dothi la chiswe.

"Ndi mphepo, eti?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Mphepo yake yaulemu," anatero. "Yodziwa kusanja mitengo."

Ndinadikira chikwapu koma sichinabwere. Anakhala pansi n'kuyamba kupeta ufa wotsalawo, pang'onopang'ono, mpaka dzuwa linapendeka. Kutacha anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kupita kwa atsibweni, mlongo wawo wamkulu, amene ankakhala kumtunda kwa mudziwo.

Patapita masiku awiri kunyumba kunabwera anthu. Atsibweni anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, atate pambali pawo, ndi bambo wina wochokera kwawo kwa atate amene ndinali nditamuonapo kamodzi kokha. Amayi anakhala pamphasa chapatali. Ine ananditumiza ku Nsaru kukagula mchere ndi sopo, ngakhale mchere unalimo m'nyumba. Njira yonse ndinkadumphadumpha. Ndinkadziwa kuti akukamba za mpanda ndi ufa, ndipo ndinkaona m'maganizo atsibweni akuwalozera chala atate kuti mwasiya mwana wanu weniweni pambalambanda n'kukatchingira wa eni. Nditabwerako ndinapeza alendo akutsanzika ndi mawu apansipansi. Atsibweni anandisisita kumutu, chinthu chimene anali asanachitepo.

M'mawa mwake atate anandidzutsa kuti tikadule bulugamu yense wotsala. Zaka zina ankangosintha nsichi ziwiri kapena zitatu zowola kwambiri, zina n'kuzisiya. Ulendo uno anazula zonse, ngakhale zimene zikanatha chaka china. Maenje anakumba akuya mpaka mkono wanga wonse unkalowa kufika paphewa. Tinasonkha moto pabwalo n'kumawamba matsinde a nsichizo mpaka ade, kenako ndinkapaka oilo wa kuchigayo ndi kansanza komangirira kukamtengo. M'dzenje lililonse tinkathiramo phulusa tisanaimike. Mitengo yopingasa anamanga ndi waya, osati luzi monga mwa masiku onse. Ndinkayenda pabwalopo manja ali bii, ndikufuna kuti mudzi wonse undione.

Ndipo ankandiphunzitsa. Kale ankangoti gwira apa, bweretsa icho. Tsopano ankafotokoza chilichonse: mmene ungadziwire mtengo wokhwima, chifukwa chake makungwa sayenera kutsala, mmene ungatsendere dothi ndi mpini wa khasu, pang'ono n'kutsendera, pang'ono n'kutsendera, osati kukwirira lonse nthawi imodzi. Ndikalakwitsa ankandibwerezetsa. "Uzionetsetsa," ankatero. "Usamadikire kuti igwe. Uziigwedeza mvula ikangotha." Nsichi yomaliza, ya pachipata, anandiuza kuti ndiimike ndekha kuyambira kukumba mpaka kutsendera, iwo ataima chapatali manja ali kumbuyo. Anaigwedeza ndi dzanja limodzi, sinasunthe, ndipo anagwedeza mutu kuvomereza.

Ntchitoyo inatenga masiku anayi, ndipo awiri mwa masikuwo anali a sabata ya kutsidya. Zimenezo zinandikoma kuposa china chilichonse. Amayi ankamweta udzu kudambo n'kumaumangirira mbali imene ife tamaliza, nthawi zonse mbali ina ya bwalo, kutali ndi kumene kunali atate. Chakudya ankawapatsa monga mwa nthawi zonse, atagwada, ndi madzi osamba m'manja, koma sindikukumbuka atalankhulana mawu opitirira awiri. Masiku onsewo atate ankagona m'chigafa cha fodya. Ine ndinkati akulondera mbuzi poti mpanda unali usanathe.

Tsiku lachinayi madzulo anatulutsa njinga. Masiku onse popita kutsidya ankangotenga kajumbo ka malaya. Tsiku limenelo anamanga sutikesi, bulangete ndi wailesi, ndipo jekete lawo la kutchalitchi analipinda n'kuliika pamwamba. Anandiitana n'kundiuza kuti ndiziwamvera amayi anga, ndizilimbikira sukulu. Ndinayankha mothamanga chifukwa ndinali pakati powerenga nsichi ndipo sindinkafuna kusokoneza. Zinali makumi atatu ndi imodzi. Kutsidya zinali makumi awiri ndi zinayi zokha.

Lolemba ndinafika kusukulu molawirira. Mtsikana uja atangokhala pansi ndinamuonetsa zikhadabo zanga. Ndinamuuza za waya, za phulusa, za nsichi ya pachipata imene ndinaimika ndekha, ndipo ndinatchula nambala ija kawiri kuti aimve bwino. Ndinati atate anga amanga mpanda wabwino kwathu chifukwa kwathu ndiye kwawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa chimanga chokazinga m'thumba la yunifolomu n'kundithirira theka m'manja. Ndinadya chimangacho ngati mphoto. Ndinkati wagonja. Sindinaganize kuti iye anali ataona kale sutikesi ija ikulowa m'nyumba mwawo, ndi kuti mwina anathandiza kuinyamula.

Nditakula ndinawafunsapo amayi kamodzi ngati zimene ndinachita tsiku la mbuzi lija ndi zimene zinathetsa banja lawo. Anaseka pang'ono n'kunena kuti banja silitha ndi chidendene cha mwana. Anati anali ataganiza kale, ngolo ija isanakhote n'komwe, koma ankazengereza chifukwa cha ine. Ataona mwana wawo akugwetsa mpanda wa nyumba yake yomwe kuti aitane bambo ake, anaona kuti kuzengerezako sikukundithandiza. Kumanga mpanda wonse asanachoke silinali lamulo la atsibweni. Atate anapempha okha.

Koma izi ndinazidziwa patapita zaka zambiri. Loweruka lotsatira, tsiku loyamba la sabata yathu, ndinadzuka m'mamawa n'kusesa kuyambira pakhonde mpaka kunja kwa chipata. Ndinasamba, n'kukhala pa njerwa moyang'ana njira ya kudambo. Amayi anandiitana kawiri kuti ndikadye, kachitatu anangobweretsa mbale n'kuiika pambali panga. Njinga iliyonse ikatulukira ndinkaimirira. Sindinkada nkhawa n'komwe. Ndinkatsamira mpanda watsopanowo, wonunkhira udzu ndi oilo, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti munthu sangalimbitse chotero nyumba imene sakufuna kukhalamo. Mutu wanga wa zaka khumi sukanatha kumvetsa kuti atate anakumba maenje akuya choncho chifukwa ankadziwa kuti chaka chamawa sadzakhalapo.