Mayi Kasapo ndi Sofa ya Eni Ake

Tsiku limene bambo wa ku ofesi yoona za ana anabwera kudzayendera nyumba ya mayi Aggie Kasapo ku Ballymun, mu mzinda wa Dublin, anamukhazika pa sofa yachikopa, yonyezimira ngati yangotsika m'sitolo. Bamboyo, Gerard dzina lake, asanatsegule n'komwe fayilo, pakhomo panamveka kugogoda. Analowa a Ricky, amuna awo a Thelma a khomo loyandikana, ali wefuwefu.

"Pepani alendo, tadzukani pang'ono. Makiyi a galimoto agwera mu sofa yathuyi."

Tsoka lake, anayankhula m'Chingerezi chomveka bwino. Anapisa dzanja, natulutsa makiyi pamodzi ndi sokosi ya mwana wawo, ulendo. A Aggie amati pakanakhala khasu pafupi akanadzikwirira pomwepo.

Sofayo inali yobwereka, makatani obwereka, ngakhale wotchi yapakhoma. Kwathu mlendo wolemekezeka timamubwerekera mpando, koma apa chinawabwereketsa ndi mantha.

A Aggie anachoka ku Chipata mu 2002. Ntchito yawo inali yosambitsa ndi kudyetsa okalamba pa nyumba ina cha ku Beaumont. Zaka zimenezo Dublin inali itapenga ndi ndalama, anthu akugula nyumba yachiwiri utoto wa yoyamba usanaume. A Aggie ndalamazo ankangozimvera fungo pa basi.

Kutchalitchi anadziwana ndi Sellina, mtsikana wa ku Zomba wophunzira pa yunivesite, amene anali ndi mwana wa zaka sikisi, Louisa. Sellina atadwala matenda omugoneka m'chipatala miyezi yambiri, a Aggie anangonyamula kachikwama ka mwanayo n'kumuuza kuti, "Tiye kunyumba." Ku Chipata analera ana asanu a abale awo, ndipo panalibe anawafunsapo pepala. Koma kuno aphunzitsi anafuna kudziwa amene akusainira mwanayo, nkhani n'kukafika ku ofesi.

Akadaulo a malamulo a kutchalitchi, amene lamulo sanaliwerengepo, anagamuliratu. "Akangoona malipiro anuwo, asisi, basi. Mwanayo akam'pereka ku Blanchardstown kwa a galimoto ziwiri." A Aggie, amene sitinawaonepo akusiya chakudya m'mbale, sabata imeneyo siketi inayamba kuwakhwepa.

A Ricky atatuluka, Gerard anayang'ana sofa, nayang'ana a Aggie.

"Nanga masiku onse mumakhala pati?"

Mayi anapita kubafa kumene anabisa mipando yawo iwiri yapulasitiki. Gerard anakhala pa umodzi, napempha kuona pogona mwana. Bedi la mwanayo ndiye linali lawolawo, logula ndi ndalama ya ovataimu. Anafunsa Louisa ngati amakonda kukhala pano. Mwanayo, amene Chichewa amamva koma kuyankha amayankhira m'Chingerezi, anati amakonda, kungoti anti amaimba akamaphika ndipo mawu awo si abwino.

"Mayi Kasapo," anatero Gerard akupukuta misozi ya phwete, "sindinabwere kudzayeza kulemera kwanu. Mwana akufunika pogona ndi munthu womusamala. Za ndalama boma limathandiza."

Sizinathere pomwepo. Anabweranso kangapo, mafunso mpaka a agogo awo amene anamwalira kalekale, naonananso ndi Sellina kuchipatala. A Aggie amati mzungu ameneyo anawadziwa kuposa abusa awo. Tsiku limene anawauza kuti Louisa akhala nawo mpaka mayi ake atachira, anagwada pakhitchini n'kuyamba kuimba, mwana atatseka makutu. Mpaka lero akamapemphera, dzina la Gerard limabwera patsogolo pa mayina a abale ena amene sitiwatchula.

Vuto linatsala limodzi. Ofesi inafuna kuti achepetse mashifiti, kuti mwana akaweruka kusukulu azipeza munthu pakhomo, ndipo inabweretsa fomu ya ndalama ya mlungu ndi mlungu yothandizira kulera. Popanda ndalamayo mashifiti sakanachepa. Koma a Aggie fomuyo anaikankhira kutali.

"Ine kulipidwa chifukwa cholera mwana? Ku Chipata akamva adzati Aggie watsegula bizinesi ya ana a eni. Sellina ndidzamuyang'ana bwanji kumaso?"

Gerard anafotokoza kuti ndalamayo ndi ya mwana, si malipiro awo. Mayi anangoti aganiza. Fomu inakhala masiku anayi pamwamba pa fuliji, mpaka a Thelma anaipeza atabwera kudzapempha mchere. Anaiwerenga yonse, monga amachitira ndi makalata a eni, n'kuwaponyera cholembera pamiyendo.

"Mwana akupatsani, ndalama akupatsani, mukudikira akupatseninso mwamuna? Sainani apa, Aggie, mwanayu nsapato zikumuthina."