Mmene a Kalekeni Anasudzulira Mnzawo

Pa Santhe palibe chinthu chimene a Kalekeni anachiona n'kuchisiya mmene chilili. Unyamata wawo wonse unathera m'chigafa cha pa esiteti, kusankha fodya: tsamba ili labwino, ili lapakati, ili la kudzala. Esiteti itatsekedwa ntchito inatha, koma manja sanamve. Wailesi ya apongozi awo anaikonza mpaka inasiya kulankhula. Njinga ya abusa anaiwongola, ndipo mpaka lero imakokera kumanzere. Kenako anakaphunzira kompyuta ku boma la Kasungu, n'kubwerako ndi satifiketi komanso mawu a pakamwa: "kukweza giredi."

Mnzawo wa pabawo anali a Yobe, mkamwini wa tsidya la dambo, kwawo ku Simlemba. Akazi awo a Dorika, amene anali mphunzitsi, anamwalira fodya ali pa nazale, n'kusiya laputopu. Abale a malemu anali atayamba kale kunong'ona zowasudzula a Yobe, kuti amasuke azibwerera kwawo. A Yobe ankangozengereza: lero chimfine, mawa fodya sanaume.

Kulemba pa laputopuyo sankadziwa. Ankangodziwa kuilumikiza ku sola m'mawa, n'kudina pomwe mayi ankadina. Imelo inkatseguka yokha, pakona pali dzina la Dorika ndi kachithunzi kawo atavala yunifolomu ya amayi a Chigwirizano. Tiyi ankamwa akuyang'anizana nako.

Loweruka lina a Kalekeni anawapeza ali pomwepo.

"Achimwene, bulawuza iyi, yotsegulira intanetiyi, ndi ya nthawi ya masheleni," anatero. "Onani kauthenga aka, ikuchita kupempha yokha kuti muikweze."

"Kamabwera tsiku lililonse. Ndimakauza kuti mawa."

"Inu ndi mawa. Mukudikira kuti mavairasi afumbule zonse ngati anankafumbwe?"

Za anankafumbwezo zinawalowa a Yobe. Anasuntha pampando. "Chabwino. Bola musakhudze pakonapo."

A Kalekeni anayang'ana kona ya laputopu, yomwe inali yong'aluka n'kumatidwa ndi selotepu, ndipo analonjeza ndi mtima wonse kuti saikhudza.

Anagula bandulo, n'kukoka mpando kufupi ndi mtengo wa mango kumene netiweki imagwira. Bulawuza yatsopano inalowa, pulogalamu ya imelo inalowa. Kenako kompyuta inafunsa ngati zakale zisungidwe kapena zichotsedwe. Munthu wosankha fodya safunsidwa kawiri funso lotere. Zakale n'zakudzala. Anadina.

"Bwerani muone liwiro lake."

A Yobe anadina pamalo pawo paja. Panatseguka tsamba loyera mbuu, likufunsa dzina ndi pasiwedi.

"Ali kuti?"

"Ndani?"

"Amayi. Pakonapa."

Apa m'pomwe a Kalekeni anazindikira kona imene inkanenedwa. Pasiwedi anapita nayo a Dorika kumanda. Kompyuta inati itumiza nambala yachinsinsi ku foni ya mwini wake, koma foniyo anatenga mlongo wa malemu pogawana katundu, simu n'kuitaya kuchimbudzi. A Kalekeni anayesa mayina a ana, dzina la sukulu, ngakhale la galu. Zonse zinakanika, selotepu ili gwa, yosakhudzidwa.

"Zithunzi zina muli nazo m'nyumbamu," anatero motsitsa mawu.

"Zija ndimachita kuzitenga ine. Aka kamabwera kokha."

"Ndikutsegulirani imelo yanu, ya dzina lanu. Ndi yaulere."

A Yobe anakhuthulira tiyi pansi. "Alamu anga ayesa miyezi yonseyi, alephera. Inu mwandisudzula tiyi asanazizire."

Sabata yomweyo anaitana okha abale a malemu. Mwambo unachitika, ndipo fodya atangodindidwa m'mabelo anakwera matola a ku Simlemba. Laputopu anaisiya pakhonde pa a Kalekeni osagogoda.

Ilipobe. Mukawafunsa a Kalekeni adzakuuzani kuti pa Santhe ponse palibe yothamanga kuposa imeneyo, ndipo sakunama. Koma madzulo amakhala okha pabawo, kusewera mbali zonse ziwiri. Bawolo lili ndi mng'alu pakati, ndipo aka n'koyamba kuona chinthu chowonongeka iwo n'kuchisiya.