Mbuzi za malume

Chaka chimene anthu anayamba kunena poyera kuti atopa ndi chipani chimodzi, ine ndinali nditangokwatiwa ku Chia. Dambo lonse la mpunga kumeneko linali m'manja mwa bwana wina wachipani amene ankakhala ku boma. Anthu ankamulimira thangata, ndipo kapitawo wake, woitanira anthu ku ntchito ndi kulonda nkhokwe, anali malume anga.

Tsiku lina m'mawa mayi wogulitsa usipa anabwera chothamanga kuchokera kumsewu, akuti anyamata achipani akubwera ndi mfuti kudzatentha midzi yonse yogalukira. Palibe anamufunsa kuti wawaona kuti. Tinathawira m'bango, madzi akulekeza m'chiuno, ana tikuwatseka pakamwa, misundu ikutiluma. Dzuwa linafika paliwombo, kenako linapendeka. Sikunabwere munthu.

Potuluka m'bangomo amuna anali ndi manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka ukali. Anathamangira ku nkhokwe za bwana, natapa mpunga, nkhokwezo naziyatsa. Wina anakuwa kuti kapitawo ndiye anaitana anyamata aja.

Malume anafika kwathu modzera m'chinangwa akukoka mbuzi, akazi awo ali pambuyo, mwana kumsana. Anapempha kuti tiwabise mpaka mitima ya anthu itazizira. Amuna anga anandiyang'ana kuti ndiyankhe ndine, poti abale anali anga. Phokoso linkamveka kuseri kwa munda.

"Malume, nyumba ino ndi yaudzu," ndinatero. "Mbuzizo zisiyeni, tikusungirani."

Sanatsutse. Anandipatsa chingwe m'manja, nandiuza kuti yaikaziyo ili ndi bere, ndisamaimangirire padzuwa. Anayenda wapansi mpaka ku Benga, kwawo kwa akazi awo.

Dambo lija anthu anagawana, ifenso tinalandira chigawo chathu, ndipo ana anga akula ndi mpunga wa pamenepo. Malume sanabwererenso. Ndinkati ndikawaona tikakolola, kenako ndinkati mvula ikatha, mpaka kunabwera uthenga wa maliro awo.

Kusiwa, akazi awo anandikhazika pambali pawo. Aliyense wolowa ankamuuza kuti mwana uyu ndiye anatichitira chifundo tsiku lija, mudzi wonse utatiukira. Ndinawayang'ana kumaso kuti mwina akundinyogodola, koma ayi, ankanena ndi mtima wonse. Anandigwira dzanja osalisiya mpaka nthawi yotulutsa bokosi.