Chipewa cha Obed pa Bwalo la Ngoma

Ku Mlangeni mukafunsa za Obed, anthu angokulozerani kumunda wa mbatatesi, komwe chipewa chachikulu ngati lichero chimayendayenda m'mizere m'mamawa. Mwini chipewacho ndi munthu wa khungu la chialubino, bambo wa ana awiri, mlimi wolawirira. Dzuwa likamakwera, iye watula kale khasu. Ena amati ndi ulesi, koma nthawi yokumba ikafika, omwewo ndiwo amabwera kudzapempha mbewu.

Kuopsa kwa dzuwa anakudziwa mochedwa. Kwawoko n'kozizira, ndipo ali mwana makolo ake ankaganiza kuti kukachita mitambo palibe choopa. Ankaweta ng'ombe mapewa ali pamtunda, madzulo n'kubwera atafiira ngati phwetekere, khungu likusupuka. Atakula, kumbuyo kwa khosi kunatuluka chilonda chosamva mankhwala. Kuchipatala anachidula, n'kumuuza mosapsatira mawu kuti china chikadzabwera chikhoza kukhala khansa. Anamupatsa mafuta oteteza khungu kudzuwa, oti azidzola asanatuluke ngakhale kuli chifunga, ndipo azibwereza thukuta likawakokolola. Malaya a manja aatali ndi chipewa, anati, zisamachoke pathupi. Kuyambira pamenepo Obed akhoza kuiwala foni, koma botolo la mafutawo ayi.

Nthenda yake ina ndiye ilibe mankhwala: gule wa ngoma. Akamva amuna akuguguda pansi ndi miyendo, khasu limamugwa m'manja. Ankayeserera ndi gulu la m'mudzimo dzuwa litapendeka, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwendo wake ndi wolemera, wogwedeza nthaka povina. Vuto linabwera gululo litaitanidwa kukavina pamwambo wa Angoni, masana dzuwa lili paliwombo.

Mtsogoleri wa gululo, a Dyton, ndi malume ake enieni. Anamuitanira pambali.

"Mphwanga, Mngoni amavina mapewa ali pamtunda. Ndi malaya akowo tikaoneka ngati tikupita ku ofesi. Iwe ukakhale pamthunzi, uzikatisungira madzi."

Mawuwo anamupweteka Obed. Pamthunzi anali atakhalapo mokwanira pamoyo wake.

"Malume, mwendo wanga mukuudziwa," anayankha. "Kuvina ndikavina, koma khungu langa sindilipereka nsembe. Ndilibe lina."

A Dyton sanavomere, sanakanenso. Anangokanda ndevu n'kumapita.

Tsiku la mwambo Obed anavala chikopa pamwamba pa malaya, ndipo mkazi wake Edna anali atasokerera nthenga pachipewa chija. Atalowa mumzere anthu anaseka, chifukwa kunena zoona ankaoneka ngati tambala wobisala m'dengu. Koma chishango chitakwera, phazi litagunda pansi fumbi n'kuti koboo, kuseka kunatha, amayi anayamba nthungululu.

Nyimbo zinatsatana, thukuta lili chuchuchu. Obed anadziwa kuti mafuta a m'mawa aja apita, ndipo kolala ya malaya inali itatsetsereka, khosi lili poyera. Mantha anamugwira. Kuchoka mumzere pamaso pa khamu n'chamanyazi, ndipo malume ake akanati, sindinanene? Edna anali kutsidya la bwalo pakati pa amayi oimba, sakanatha kudutsa.

Nyimbo itatha, Obed anatuluka mumzere osafulumira. Anapanira chishango m'miyendo, n'kusolola botolo pansi pa chikopa. Anadzola kumaso, m'makutu, pamilomo ndi kunja kwa manja, anthu onse akuona.

"Taonani, wayamba kudziphoda!" anakuwa wina m'khamumo.

Obed sanatembenuke. Amalimbana ndi kumbuyo kwa khosi, komwe nthenga ndi zingwe za chikopa zimamutchinga. Apo n'kuti a Dyton akubwera, nkhope ili gwa. Obed anangoti basi, andichotsa.

Mkuluyo anagoneka chishango chake pansi.

"Bweretsa kuno. Werama."

Zala zokhakhala ndi khasu zinayamba kupaka mafuta aja mosadziwa bwino, ngati munthu wozira nyumba.

"Pano?"

"M'mwamba pang'ono, malume."

Zalazo zinafika pachipsera n'kuima. A Dyton anali atangomva kuti mphwawo anadulidwa chilonda, koma kuchikhudza anali asanachikhudzepo. Anafinyanso botolo, n'kupaka pamenepo pang'onopang'ono, n'kumukwezera kolala bwinobwino.

"Mafutawa akachokanso undikodole, usamavutike wekha," anatero mawu ali pansi. Atatola chishango anakweza mawu kuti gulu lonse limve. "Tiye kutsogolo, ukutichedwetsa. Nyimbo ikubwerayi uyambitse ndiwe."