Jombo za ku phiri la chipale

Chaka chachiwiri chilandirireni ufulu, ine ndinasankhidwa kupita kunja kwa dziko kukakwera phiri. Ine, osati wina. Amuna onyamula katundu wa alendo m'tchire tinalipo ambiri ku Kakumbi, koma mphunzitsi wachizungu wa ku Chipata atafika anati akufuna uja wa mawu aakulu, amene anasenza bokosi la ziwiya tsiku lonse akuimba. Phirilo linali ku Uganda, kumalire ndi Kongo, kopanda msewu, ndipo anati pamwamba pake pali chipale, madzi ouma gwa chifukwa cha kuzizira. Iye ndi anzake ankafuna kukazika kumeneko mbendera yatsopano ya Zambia, ndipo anati mbendera singakwere popanda mwini dziko.

Anandipatsa jasi lolemera, masokosi aubweya ndi jombo zachikopa, zamisomali kunsi. Anati ndizivala tsiku lililonse kwa mawiki sikisi kuti zifewe, chifukwa kuphiri munthu wa mapazi olemala amaphetsa anzake. Zikakana mapazi anga, adzatenga wina. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati mzunguyu sadziwa kusunga chinthu. Kwathu nsapato sinkayenda m'fumbi. Unkamanga zingwe zake, kuzikoleka m'khosi, n'kukazivala pakhomo la tchalitchi. Ndiye ndinatero. Ndinkazipukuta m'mawa ndi madzulo, n'kumayenda nazo pachifuwa mudzi wonse kuti anthu aone. Jasi lokha ndinalivala tsiku limodzi, mu Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo, ndipo ndinabwera kunyumba ngati nsomba yowiritsa.

Mkazi wanga anandiuza kawiri katatu kuti ndichite zimene ndinauzidwa. Ndinamuyankha mokweza, mpaka nkhuku kuthawa, kuti sindingapite kudziko la eni ndi nsapato zakutha.

Patatha mawiki folo mphunzitsi anabwera kudzandijambula chithunzi cha pasipoti. Anatenga jombo, kuzitembenuza, n'kupeza kunsi kuli mbee ngati mbale yotsuka. Sanakalipe. Anangoti ndivale, ndisenze thumba, ndipite kumtsinje ndi kubwerako. Abale, ine amene ndinkaponda minga ndi phazi losavala ndinabwera ndikuyenda ngati bakha, zidendene zitatupa matuza. Anati atsala mawiki awiri, ndipo ngati zidzakhale chomwecho adzatenga mlamu wanga.

Mlamu wangayo, mchimwene wa mkazi wanga, anali msilikali wakale wa nkhondo ya azungu, ndipo jombo ankazidziwa ngati mpando wa kwawo. Atamva nkhaniyi anaseka mpaka kukhala pansi.

"Alamu, khosi lanu ndiye lazolowera bwino," anatero. "Likakwere lokha phirilo, mapazi atsale ndi ine."

Mudzi wonse unkadziwa kuti ndikupita, ndinali nditalengeza ndekha ngakhale kwa anthu odutsa panjinga.

M'mawa mwake mlamu anafika asanadye kanthu. Anati iye mayiko ozizira anawaona mokwanira, maondo ake safunanso, ndipo ine ndikatsala mlongo wake adzafa ndi phokoso. Ananditengera kukamtsinje kopanda ng'ona, kundiimika m'madzi nditavala jombo ndi masokosi mpaka chikopa chinamwa, kenako anati ndiyende mpaka ziumire kuphazi. Umo ndi mmene ankachitira ku usilikali. Mtima unandiwawa kuona nsapato zokongola zija zili matope okhaokha. Madzulo tinazipaka mafuta a mvuu, ndipo mkazi wanga anamanga matuza anga ndi nsanza zoyera, akuseka chamumtima.

Tinatero tsiku ndi tsiku. Wiki yachiwiri tinapita ku Msoro ndi kubwerako, ine pansi ndi thumba la mchenga kumsana, iye panjinga pambuyo panga akuwerenga lefu, laiti ngati sajeni. Amayi m'minda ya thonje ankaimika makasu. Wina anafunsa ngati nkhondo yayambanso, ndipo ndinamuuza kuti ayi mayi, ndi Zambia akupita kuphiri. Pobwerera ndinazindikira kuti ndayamba kuimba, ndipo ndinali nditaiwala kuti kumapazi kuli kanthu.

Mphunzitsi atabwera anati ndivule nsapato. Anatembenuza jombo, kuona misomali itaperepeseka, kupinda chikopa ndi chala, n'kuyang'ana zidendene zanga zimene tsopano zinali ndi zikang'a. Anandiyendetsanso kumtsinje, ndipo ndinamusiya kumbuyo akupuma wefuwefu.

"Mangani katundu, bambo," anatero. "Lole ibwera Loweruka, seveni koloko."

Loweruka anthu anadzaza pamsewu. Mkazi wanga anandilongezera nsomba zouma ndi mtedza wokazinga, akuti kuchipale kulibe dimba. Ndinatuluka m'nyumba jombo zili kumapazi, ndikuponda fumbi dala kuti lifuke, ndikupatsa moni aliyense ndi mawu anga onse. Mlamu anandiimitsa pafupi ndi lole, n'kundigwira pakhosi kuti aone ngati ndakolekaponso nsapato. Anapeza chingwe ndithu, koma chinali cha kathumba ka mbendera, kamene mphunzitsi anati ndinyamule ine.